Mawu Achinsinsi a Mfumu Suzumire

Kuseri kwa mapiri amene ojambula mapu amangowasiya oyera kuli dziko lotchedwa Tikuonani. Anthu ake ndi aulemu, amalima chimanga ndi nandolo, ndipo mazenera a nyumba zawo alibe makatani. Sikuti nsalu ndi yosowa ayi. Agogo ake a mfumu ya lero ndiwo analamula kalekale kuti munthu wabwino sabisa kanthu, ndipo mawu akuti chinsinsi anawaponya m'thumba limodzi ndi ufiti komanso kuba mbuzi.

Mfumu ya lero ndi Suzumire Wachiwiri, munthu wamfupi, wonenepa bwino, amene chisoti chake chachifumu sichinachokepo pamutu pamaso pa munthu. Malamulo a dzikolo ndi ambiri ngati linthumbu, koma lalikulu ndi lakuti palibe amene amatsogola mfumu pa chilichonse. Mlatho watsopano saoloka munthu mfumu isanaoloke. Mango sadyedwa mfumu isanalumeko. Chaka china mvula inagwa mfumu isanalengeze, ndipo bwalo linakhala pansi kukambirana ngati anthu anali ndi chilolezo chonyowa.

Intaneti itafika, amalonda a kutsidya kwa nyanja anapatsa mfumu mphatso ya tsamba lotchedwa Khomo la Mfumu. Anati n'laulere. Zonse za boma zinasamukira pamenepo: kuponi ya fetereza, kulembetsa mwana sukulu, ngakhale chilolezo chokumba manda. Chovuta chinali chakuti makinawo ankafuna kuti aliyense akhale ndi mawu achinsinsi otsegulira, amene anyamata amati pasiwedi.

"Achinsinsi?" inatero mfumu, ikuyang'ana nduna zake. "M'dziko langa lino?"

Amene anapulumutsa dziko ndi a Gwedeza, Nduna ya Zoona ndi Zomva, bambo wamtali wa makutu akuluakulu, opyapyala mwakuti dzuwa linkaonekera kuseri kwake.

"Mfumu, chinsinsi chimaipa chikakhala cha munthu mmodzi," anatero a Gwedeza. "Chikakhala cha dziko lonse, umenewo ndi umodzi."

Tsiku lomwelo linatuluka Lamulo la Mawu Amodzi. Aliyense, wamkulu ndi wamng'ono, azitsegula Khomo polemba kuti mfumuyathundiyabwino, mosasiya mpata pakati, poti mdani amalowera pampata. Wopezeka ndi mawu ena akakhala ku Phiri la Palibenetiweki, kumene kulibe madzi, kulibe mthunzi, ndipo foni ndi mwala n'chimodzimodzi.

Pa msika wa Nong'onani anthu analandira lamuloli mwaulemu monga mwa nthawi zonse.

"Ndiye kuti nyumba zonse kiyi wake ndi mmodzi?" anafunsa wogulitsa makala.

"Eya," anayankha wometa tsitsi. "Akuba anavutika kokwanira, achimwene. Boma labwino limaganizira aliyense."

Pa Yunivesite ya Vomerani panali mphunzitsi wina, a Dokotala Ndaziona Chikakuda, mayi wofatsa amene anakulira kumudzi ndipo kalankhulidwe ka kumudziko sanakataye. Ntchito yawo inali kufufuza mmene mafoni ndi masamba a pa intaneti amatsatirira anthu. Anzawo ankachita kafukufuku wawo ali khale m'maofesi, n'kumapeza zimene mfumu inanena kale. Koma a Dokotala anatenga chidebe, n'kukachivundikira pa msika, n'kukhalapo. Aliyense wovomera kucheza nawo ankamuuza mawu omwewo:

"Dzina lanu sindilemba. Pakamwa panga silidzatuluka, ndipo chala changa sichidzakulozani."

Mmodzi mwa amene anacheza nawo anali a Nasibeko, mayi wamasiye wogulitsa tomato, amene kunyumba anasiya ana ang'onoang'ono.

"Mawu a mfumu aja mumagwiritsa ntchito, mayi?" anafunsa a Dokotala.

A Nasibeko anayang'ana uku ndi uku, n'kuyamba kusanja tomato amene anali wosanja kale.

"Ndinawasiya, adona. Mlamu wanga Fulukani amakonda mfumu kwambiri. Amaitamanda pa nambala yake ya pa Khomo, akamaliza amaitamandanso pa nambala yanga. Chaka chatha anaitamanda mpaka fetereza wanga anakapezeka m'munda mwake. Chimanga changa chinangofika m'mawondo, chachikasu ngati chadwala. Ndiye ndinaika mawu anga. Mukufuna ndikuuzeni?"

"Ayi, musandiuze. Ngakhale ine musandiuze."

Tsiku lina masana, galimoto yaikulu inaima kuseri kwa yunivesite, pafupi ndi dzala. Munatuluka bambo wamtali atakokera chipewa pansi, koma chipewacho chinalephera kubisa makutu. Anafuna kudziwa mmene munthu angapangire mawu olimba oti wina asawaganizire. Anati akufunsira mnzake. A Dokotala anamuphunzitsa, ndipo nayenso anamulonjeza monga analonjezera a Nasibeko. Nafenso pano sitimutchula.

Kafukufuku atatha, a Dokotala anaitanidwa ku bwalo la mfumu ku likulu la Pazenera. Monga mwa mwambo, bwalo linatsegulidwa ndi a Kampanje, wotamanda mfumu, amene ntchito yawo inali kufuula mawu omwewomwewo m'mawa uliwonse pa wailesi, pa msika ndi pamaliro pomwe.

"Suzumire! Mwana wa Nabengo, mayi wa dziko! Iwe wobadwira pa Kamtedza, pamene mchombo wako unakwiriridwa! Iwe amene galu wako woyamba, Mudzatopa, analuma wokhometsa msonkho wa adani!"

A Dokotala anagwada, n'kuyamba pang'onopang'ono.

"Mfumu, munthu akadutsa patchire, chisoso chimamatirira ku zovala. Akafika pamudzi safunika kufunsidwa kumene anali, chisoso chimanena chokha. Masamba a pa intaneti nawonso ali ndi chisoso chawo. Mukatsegula tsamba, tinthu ting'onoting'ono timamatirira m'foni mwanu. Mukapita pa tsamba lina timapita nanu, n'kumauza eni ake zimene mwaona, zimene mwafunsa, ndi zimene mwazilakalaka koma osagula. Pa Khomo la Mfumu ndapezapo chisoso chambiri kuposa m'munda wa mlesi."

Mfumu inamwetulira. "Ndiye kuti tikudziwa kumene aliyense wapita?"

"Inu mukudziwa pang'ono, mfumu. Odziwa zambiri ndi amalonda aja anatipatsa Khomo laulere. Chisosocho n'chawo. Amadziwa za wogulitsa makala, amadziwanso za inu."

Apa Nduna ya Zaulimi inadzuka kutulo, poti inamva dzina la chomera.

"Chisoso ndi ndiwo, mfumu! Ngati chamera pa Khomo popanda fetereza, dziko lalemera!"

Bwalo linaomba m'manja, ndipo anasankha komiti yoona za nsinjiro zotendera chisosocho.

A Dokotala anadikira phokoso lithe. "Chinanso, mfumu. Mwa anthu khumi alionse amene ndinacheza nawo, asanu ndi anayi amatsegula Khomo ndi mawu amodzi. Tanthauzo lake ndi lakuti aliyense angathe kulowa m'malo mwa mnzake n'kutenga zake. Khomo lotero si khomo, ndi mpata chabe."

Mawu otsirizawo palibe anawamva. Nduna zinali zitaimirira kale, zina zikulira misozi ya chimwemwe. Asanu ndi anayi mwa khumi! Sayansi yatsimikiza kuti mfumu ndi yabwino! Nduna ya Zamaphunziro inapempha kuti a Dokotala awonjezeredwe udokotala wina pamwamba pa woyambawo.

A Gwedeza okha ndiwo sanaombe m'manja. Anadikira bata, n'kufunsa motsitsa mawu:

"Nanga wachikhumiyo ndani?"

"Sindinalembe mayina, a nduna."

"Nkhope mukuzidziwa."

"Ndikuzidziwa bwino," anayankha a Dokotala akuwayang'ana m'maso. "Zina ndi zoti munthu sungaziiwale."

Makutu a a Gwedeza anafiira. Koma munthu amene akudziwa chinsinsi chako ndi bwino akhale kutali, ndipo palibe kutali koposa Palibenetiweki. Anatembenukira kwa mfumu.

"Mfumu, Loweruka tipite ku Nong'onani. Mayiyu ayende pakati pa msika, aloze wachikhumi aliyense. Akakana, ndiye kuti wachikhumiyo ndi iyeyo, akwere phiri."

"Mfumu, pali chachitatu," anatero a Dokotala. "Munthu akaiwala mawu ake, makina amamufunsa mafunso oti atsimikize kuti ndi mwini wake. Mafunsowo anapangidwa ndi anthu a kutali, kumene munthu sadziwa dzina la amayi a mnzake woyandikana naye nyumba. Kuno kwathu…"

Koma mfumu inali itayasamula, ndipo mfumu ikayasamula bwalo latha. A Kampanje anatseka ndi mawu awo aja: mwana wa Nabengo, wobadwira pa Kamtedza, mwini wa Mudzatopa.

Pobwerera kwawo a Dokotala anadzera pa msika. Nkhani inali itawatsogolera.

"Ndamva, adona," anatero a Nasibeko. "Mwana wamkulu ndamuonetsa pamene ndinasunga mbewu."

"Ine sindikulozani, mayi. Koma a Gwedeza ndi munthu wa njira zambiri. Bwanji mubwerere ku mawu a mfumu kwa sabata ino yokha?"

"Makuponi akutuluka sabata yomwe ino. Ndikabwerera ku mawu a mfumu, pofika Lachisanu mlamu wanga adzakhala ataitamanda kale. Uku phiri, uku njala. Phiri ndikwera ndekha, njala tidya tonse ndi ana. Nanga inu mukapanda kuloza?"

"Ndikwera ineyo."

"Tengani nsapato zina. Izo mwavalazo sizingafike pakati."

Loweruka msika unadzaza mpaka m'mitengo. Asilikali anazinga mbali zonse. Pafupi ndi pogulitsira nyama anaimikapo chikanema chachikulu chimene mfumu imaonekerapo polankhula, pamodzi ndi zimkuzamawu. Mfumu inakhala pampando, chisoti chili nga pamutu. A Kampanje anafuula zawo zija, anthu n'kumatsatira ndi milomo ngati pemphero lozolowera.

"Yambani, mayi," anatero a Gwedeza. "Chala chanu ndi cha boma lero."

A Dokotala anayenda pakati pa msika, manja ali kumbuyo. Anadutsa a makala, anadutsa a kaunjika, anadutsa pa tomato pamene a Nasibeko anaima ngati chitsa. Anazungulira msika wonse n'kubwerera pamaso pa mfumu manja akadali kumbuyo.

"Mfumu, anthuwa anandiuza zawo chifukwa ndinawalonjeza. Ndikaloza mmodzi lero, palibe adzauzenso wofufuza zoona m'dziko muno, ndipo mudzatsala ndi a Kampanje okha. Sindiloza."

"Kwerani phiri, ndiye," anatero a Gwedeza. "Koma musanapite muone kuti boma silisowa chala chanu. Aliyense abwere ndi foni yake. Tiilumikiza ku chikanemachi, alembe mawu a mfumu anthu akuona. Khomo likatseguka, apite kwawo. Likakana, tamupeza. Tiyambire mzere wa tomato."

Asilikali awiri anayamba kulunjika kwa a Nasibeko. A Gwedeza anasisita manja. Monga akuluakulu ambiri, sanaganizepo kuti sikelo ingayeze mwini sikelo.

A Dokotala anagwada, n'kuomba m'manja mwaulemu kwambiri.

"Pepani mfumu, ine ndine wopita kale, koma chamanyazi ichi chisachitike ndikuona. Muyeso uwu ndi watsopano m'dziko muno. Kodi wogulitsa tomato angatsogole mfumu pa chinthu chatsopano? Mlatho sititero. Mango sititero."

Msika unagwira msanga kuposa nduna.

"Zoona! Ayambe eni ake!" anafuula wometa tsitsi.

"Ife ndife yani kuti titsogole?" anawonjeza wa makala, dzanja lili pachifuwa.

Mfumu inakondwa. Sinalembepo mawuwo ndi dzanja lake, poti chiyambire a Gwedeza ndiwo ankaitsegulira Khomo m'mawa uliwonse n'kuipatsira foni ili yotsegula. Inaona kuti uwu ndi mwayi woonetsa anthu luso.

"Mfumu, musadzivutitse," anatero a Gwedeza. "Zala zachifumu…"

"Bweretsa kuno, Gwedeza."

Analumikiza foni ku chikanema. Mfumu inalemba ndi chala chimodzi, lilime lili panja pang'ono, ikuwerenga mokweza kuti akumbuyo amve.

"Mfumu… yathu… ndi… yabwino."

Chimkuzamawu chinayankha ndi mawu okoma achitsikana, amene anamveka mpaka kokwerera mabasi:

"Mwalakwitsa. Yesaninso."

Msika unati zii. Ngakhale nkhuku za m'madengu zinakhala chete. Kenako kumbali ya nsomba zouma wina anayankhula ngati akudziyankhulira:

"Makina achilendo alibe mwambo. Koma bodza sanaphunzire."

Mfumu inalembanso, pang'onopang'ono kuposa poyamba. Mfumu yathu ndi yabwino.

"Mwalakwitsa. Yesaninso."

"Akuumirira mtsikanayu," ananong'ona mayi wina wogulitsa mandasi. "Ayenera kuti amawadziwa."

Kachitatu mfumu inadinda foni ngati ikupha nsikidzi. Chimkuzamawu chinati Khomo latsekedwa, ndipo kuti litseguke, mwini wake ayankhe mafunso amene iye yekha angadziwe. Funso loyamba linaoneka pa chikanema ndi zilembo zazikulu ngati njerwa: Dzina la amayi anu ndani?

Mfumu inali itasokonezeka, thukuta likutsika kuchokera pansi pa chisoti. Anthu a ku Tikuonani ndi achifundo, sangaonerere mfumu yawo ikuvutika.

"Nabengo!" unayankha msika wonse.

Msilikali wogwira chingwe cha chikanema anatenga foni n'kulemba. Makina anavomera. Munabadwira mudzi uti?

"Kamtedza!"

Ana a m'mitengo nawo anayankha. Ndiye linabwera lachitatu: Galu wanu woyamba anali ndani?

Anthu anayang'anana. Anakoka mpweya. Kenako, akuyang'ana mfumu yawo m'maso kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya dzikolo, anafuula ndi mtima wonse:

"Mudzatopa!"

Makina anavomera nthawi yomweyo, koma anthu anapitiriza, poopa kuti mwina sanamve bwino. Mudzatopa! Mudzatopa! Agogo osowa mano anafuula, amayi analuluta, ndipo asilikali ena anaoneka akugwedeza milomo. Palibe akanamangidwa. Linali dzina la galu.

"Takulandirani, Suzumire," chinatero chimkuzamawu, opanda "a", opanda "mfumu".

Khomo linatseguka, ndipo chisoso chinayamba ntchito yake. M'mbali mwa chikanema munatuluka chithunzi cha mutu wosalala ngati dzungu. Kodi dazi likukuvutitsanibe? Mafuta omeretsa tsitsi amene munawaona Lachiwiri atsika mtengo. Pansi pake panabwera china: Guluu wamphamvu, chipewa sichigwa ngakhale kumphepo. Ogula izi anagulanso nsapato zotalikitsa msinkhu.

Dzanja la mfumu linakwera lokha kukagwira chisoti. Wometa tsitsi anayang'ana pansi mwachisoni, ngati munthu amene wamva kuti kasitomala wamkulu anamwalira kalekale.

"Zimitsani!" inakuwa mfumu. Atazimitsa, inatembenukira kwa a Dokotala amene anali chigwadire. "Mayi, inu mumadziwa zinthu izi. Mawu anga anasintha ndani? Wachikhumi m'nyumba mwanga ndani?"

A Gwedeza anatseka maso.

"Mfumu, aliyense amene anabwera kwa ine, wa dengu kapena wa galimoto, ndinamulonjeza chimodzimodzi," anatero a Dokotala. Ndipo anabwezera manja kumbuyo.

Koma anthu a ku Tikuonani sanalonjeze kanthu. Komanso kumeneko kuloza munthu wamkulu ndi chala ndi mwano, choncho amaloza ndi milomo. Mfumu itakweza maso inaona milomo ya msika wonse itasongoka kulunjika malo amodzi, pamene panaima makutu awiri ofiira amene dzuwa linali kuonekera kuseri kwake.

Lolemba bwalo linakhala pansi, ndipo linagwira ntchito yaikulu. Chimkuzamawu chinapezeka cholakwa pa mlandu wonyoza mfumu, ndipo chinanyamulidwa pa ngolo kupita ku Palibenetiweki. A Gwedeza sanalangidwe, poti nduna silakwa. Anakwezedwa kukhala kazembe wa mfumu ku phiri lomwelo, kuti azikayang'anira chimkuzamawucho. Dzina la amayi a mfumu, mudzi wake ndi galu uja zinalengezedwa kukhala chinsinsi cha boma, chinsinsi choyamba chololedwa m'dzikolo, chimene aliyense akuchidziwa. Kuyambira pamenepo a Kampanje akafika pa mayinawo amangoti "mwana wa mm-mm, wobadwira pa mm-mm," anthu n'kumamalizitsa chamumtima.

Za muyeso uja, akatswiri a malamulo anapeza kuti mfumu sinaumalize, inangouyamba. Poti palibe angatsogole mfumu, wina aliyense sangayezedwe mpaka mfumu itakhoza. Mfumu ikuti ikukonzekera. Za chisoso komiti ikadakambirana.

A Dokotala sanakwere phiri. Amene anawaweruza anali atakwera kale, ndipo mfumu sinafunenso kumva dzina lawo. Kafukufuku wawo analetsedwa, ndipo mapepala onse anagulitsidwa pa msika ngati okulungira zinthu. Motero anafika m'nyumba iliyonse atakulunga mandasi ndi usipa, ndipo anawerengedwa kuposa buku lililonse limene Yunivesite ya Vomerani inatulutsapo.

Chimanga chitayamba ngaiyaye, a Dokotala anadutsa pa mzere wa tomato. A Nasibeko anawaikira mulu m'jumbo, n'kuponyamo awiri apamwamba.

"M'munda muli bwanji, mayi?"

"Chapitirira mutu wanga, adona. Chobiriwira ngati cha nduna." A Nasibeko anawerama n'kuchotsa kachisoso kamene kanamatirira pa chitenje cha a Dokotala. "Pepala lanu lija ndinaliwerenga, linabwera ndi usipa. Paja munalemba kuti makina akafunsa za amayi ako, sukakamizidwa kuwauza zoona? Ndinakonza. Pa Khomo paja amayi anga tsopano dzina lawo ndi…"

"Musandiuze!"

"Mulungu andikhululukire, amayi anga sakanalikonda."

"Nanga alamu anu?"

A Nasibeko anapukuta manja pa chitenje, osafulumira.

"Anayesa, adona. Anakhala pansi pa mtengo ndi nambala yanga tsiku lonse, kutamanda mfumu mpaka batire kutha. Makina anamuyankha zomwe anayankha mfumu pamsika paja."